Mwana Wanu Alibe Mapepala ku America? Chenjerani ndi Adobadoba a Koleji

Abale anga amene muli ku America, ndi inu akumudzi amene muli ndi mdzukulu kapena mwana wa mlongo wanu kumeneko, imani kaye mumve. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ngati m'nyumba mwanu muli mwana amene analowa m'dzikolo ali wamng'ono, viza yake inatha kalekale, ndipo tsopano akumaliza sekondale, mwanayo ali pangozi. Ngoziyo ikuchokera mbali ziwiri. Mbali ina ndi ya boma. Mbali inayo ndi ya anthu amene mumadya nawo nsima pa chikondwerero cha 6 Julayi, amene amakukokerani pambali n'kukunong'onezani kuti, "Achimwene, za mwanayo musadandaule, ndili ndi munthu wanga."

Munthu wakeyo ndi dobadoba. Musamupatse ngakhale dola imodzi.

Mvetsani kaye pamene pagona vuto. Mu 1982 khoti lalikulu la America, pa mlandu wa Plyler v. Doe wochokera ku Texas, linagamula kuti mwana aliyense aziphunzira ulere kupulayimale ndi kusekondale za boma, kaya ali ndi mapepala kaya alibe. N'chifukwa chake mwana wanu wakhala akukwera basi yachikasu ija zaka zonsezi popanda womufunsa. Koma chigamulocho chimathera pachipata cha sekondale. Boma lalikulu la ku Washington silipereka ngongole kapena thandizo la fizi kwa wophunzira wopanda mapepala. Fomu ya FAFSA yopemphera thandizolo, imene anzake m'kalasi akudzaza, si yake. Ana ambiri amadzazindikira zimenezi ali ndi zaka 17, tsiku limene apempha nambala ya Social Security kwa amayi awo, amayiwo n'kungoyang'ana pansi. Pa nthawi yachisoni imeneyo m'pamene akamberembere amalowera.

Adzayamba kukugulitsani DACA. Dziwani izi: ndondomeko imeneyi yoteteza achinyamata opanda mapepala kuti asathamangitsidwe m'dzikolo, imene Barack Obama anakhazikitsa mu Juni 2012, imafuna kuti munthu akhale atalowa m'dzikolo asanakwane zaka 16, ndiponso kuti akhale atakhalamo mosadukiza kuyambira pa 15 Juni 2007. Werengani nokha. Mwana amene akumaliza sekondale lero, mu 2007 anali khanda kapena anali asanabadwe, ndipo anali kwathu kuno kapena m'mimba mwa amayi ake. Kuwonjezera apo, kuyambira Julayi 2021, pamene woweruza Andrew Hanen wa ku Texas anagamula mlandu wotsutsa ndondomekoyi, boma silikuvomereza olembetsa atsopano. Wokuuzani kuti akulowetserani mwana mu DACA mukalipira, akukuberani masana dzuwa likuswa mtengo.

Koma choopsa koposa ndi kabokosi kakang'ono ka pafomu.

Pafomu yopempha thandizo la fizi, komanso pafomu ya I-9 imene munthu amadzaza akamayamba ntchito, pamakhala funso lakuti kodi ndinu nzika ya America. Dobadoba adzakuuzani kuti, "Angochongapo, safufuza." Mwana nayenso, poti anakulira komweko ndipo Chingelezi chake sichisiyana ndi cha anzake, amaona ngati si bodza lalikulu. Muletseni. Kuyambira 1996, lamulo la America limati mlendo amene wanama kuti ndi nzika pofuna kupeza phindu lochokera ku malamulo a boma amatsekeredwa pakhomo moyo wake wonse. Milandu ina ya mapepala imakhala ndi njira yopemphera chikhululuko. Uwu pafupifupi ulibe. Ngakhale mwanayo atadzakwatira kapena kukwatiwa ndi nzika, kabokosi kaja kadzamudikira pa tebulo la womufunsa mafunso.

Pali msampha wina wofanana nawo umene makolo sauganizira n'komwe. Chisankho chikayandikira, pabwalo la koleji pamaikidwa timatebulo, achinyamata ansangala atanyamula mapepala, akuitana aliyense wodutsa kuti alembetse kuvota. Alibe cholinga choipa. Koma mwana wanu akasaina pamenepo chifukwa cha manyazi, wanena kuti ndi nzika. Muuzeni lero lomwe kuti azingomwetulira n'kudutsa. Chimodzimodzi ku ofesi yotengera laisensi yoyendetsera galimoto: akafunsidwa za kuvota, yankho ndi ayi.

Ndipo nambala ya Social Security ya msuweni wake si yobwereka. Mudzaika ana awiri m'mavuto.

Ena adzabwera ndi sukulu imene akuti imakonza mapepala. Funsani funso limodzi: kodi ophunzira amalowa m'kalasi? Mu Januwale 2019 zinaululika kuti University of Farmington ya ku Michigan inali sukulu yabodza yokhazikitsidwa ndi boma lenilenilo pofuna kukola alendo. Inali ndi dzina, inali ndi tsamba la pa intaneti, inkalandira fizi, koma inalibe aphunzitsi ndipo munalibe phunziro ngakhale limodzi. Ophunzira pafupifupi 250, ambiri a ku India, anamangidwa, ndipo ochuluka anabwerera kwawo. Amene ankawakopera kumeneko anali anthu a mtundu wawo womwe. Musaganize kuti ife sizingatichitikire.

Tsopano mverani nkhani imene dobadoba safuna kuti muidziwe. Makomo enieni alipo, ndipo kugogodapo salipira.

Palibe lamulo la boma lalikulu loletsa koleji kulandira wophunzira wopanda mapepala. Chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Ku California, lamulo la AB 540 la mu 2001 limalola mwana amene waphunzira zaka 3 m'sukulu za m'chigawocho n'kumaliza kuti azilipira fizi ya anthu a komweko, imene imatsika kwambiri poyerekeza ndi ya obwera. Kuyambira malamulo a mu 2011, mwana yemweyo atha kupemphanso thandizo la ndalama la chigawocho podzaza California Dream Act Application m'malo mwa FAFSA. Pa University of California ku Berkeley pali ofesi ya ophunzira opanda mapepala imene inatsegulidwa mu 2012, ndipo imapereka alangizi a maphunziro, aphungu othandiza mwana amene nkhawa yamukulira, komanso maloya osalipiritsa. Makoleji ambiri m'chigawocho ali ndi maofesi otere; kawirikawiri amatchedwa Dream Center.

Ku Georgia nkhani ndi ina. Kumeneko mayunivesite akuluakulu a boma monga University of Georgia ndi Georgia Tech salandira n'komwe ana oterewa, moti mu 2011 aphunzitsi ena anayambitsa Freedom University kuti aziwaphunzitsa ulere. Ku Alabama ndi ku South Carolina makoleji a boma ndi otseka kwa ana amenewa.

Inu a ku South Bend, kumene Amalawi mwachulukana, chigawo chanu cha Indiana chinachotsa fizi yotsika kwa ana opanda mapepala mu 2011. Koma pafupi nanu pomwepo pali University of Notre Dame, imene si ya boma, ndipo inalengeza mu 2013 kuti iyamba kuwalandira. Ichi n'chimene makolo ambiri sadziwa: sukulu zoyima pazokha zimagwiritsa ntchito ndalama zawozawo, ndipo zina zolemera zimalipirira mwana wakhama gawo lalikulu la fizi mosayang'ana mapepala. Musathawe sukulu chifukwa cha mtengo umene walembedwa pakhomo. Funsani. Palinso mabungwe monga TheDream.US ndi Golden Door Scholars amene ntchito yawo ndi yolipirira ana amenewa. Salipiritsa kuti mulembetse. Aliyense wofuna ndalama kuti akupezereni thandizo la fizi ndi wakuba.

Mwana amene anabadwira ku America ndi nzika, ndipo ali ndi ufulu wodzaza FAFSA ngakhale makolo ake alibe mapepala. Musamumane mwayi wake chifukwa cha mantha anu. Kambiranani ndi mlangizi za mmene mungalembere mbali ya makolo.

Chenjerani ndi malangizo akale, ngakhale ochokera kwa azakhali okufunirani zabwino. Zinthu zinatembenuka mu 2025. Texas ndiyo inali yoyamba, mu 2001, kupereka fizi yotsika kwa ana opanda mapepala, ndipo amene anasaina lamulolo anali bwanamkubwa Rick Perry. Lamulo limenelo linagwira ntchito zaka 24, koma mu Juni 2025 boma lalikulu linakasuma kukhoti, akuluakulu a Texas osatsutsa, ndipo linafa tsiku lomwelo. Florida inachotsa lake kuyambira pa 1 Julayi 2025. Ana amene anali pakati pa maphunziro anangoona fizi yakwera mowirikiza. Zimene zinathandiza mwana wa neba zaka 5 zapitazo mwina lero kulibe. Musasamukire chigawo china chifukwa cha mphekesera ya pa WhatsApp. Imbani foni ku ofesi ya koleji yeniyeniyo, mumve za chaka chino.

Za malamulo a mapepala, mverani anthu amitundu iwiri yokha: loya wovomerezeka, kapena woimira anthu amene unduna wa zachilungamo wa America unamuvomereza, amene amagwira ntchito m'mabungwe osapanga phindu. Munthu wodinda zidindo pa zikalata si loya. Abusa si loya, ngakhale mtima wawo ndi wabwino. Wodzaza mafomu a msonkho si loya.

Ndipo pitani msanga, chifukwa pali wotchi imene imayamba kuyenda tsiku limene mwana wakwanitsa zaka 18. Asanafike pamenepo, masiku amene wakhala popanda chilolezo sawerengedwa pa chilango choletsa kubwerera. Akangokwanitsa, kuwerenga kumayamba. Akapitirira masiku 180 n'kutuluka m'dzikolo, saloledwa kubwerera kwa zaka 3. Akapitirira chaka, ndi zaka 10.

Apa ndilankhule ndi inu akumudzi. Agogo akatisiya, musaumirize mwanayo kuti abwere kumaliro. Ndikudziwa mmene zimapwetekera, ndipo ndikudziwa zimene anthu amalankhula pasiwa za matchona. Koma akakwera ndege ku Chicago, maphunziro ake athera pomwepo. Musaganize kuti adzangotenga viza ina ku Lilongwe. Mu Ogasiti 2025, Malawi ndi Zambia anali mayiko oyamba amene nzika zake zinauzidwa kupereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 kuti zipatsidwe viza yokacheza, ndipo chifukwa chimene boma la America linapereka ndi kuchuluka kwa anthu athu opitirira masiku. Maso ali pa ife. Mulekeni alire komweko, atumize chipepeso.

Loya weniweni atha kupezanso njira imene simunaidziwe. Mwana amene kholo lake linamutaya, kumunyanyala kapena kumuzunza ali ndi khomo lake m'malamulo, koma limatsekeka akakwana zaka 21, ndipo m'zigawo zina gawo la kukhoti liyenera kuchitika asanakwane 18. Amene anachitidwa chiwembu chachikulu n'kuthandiza apolisi alinso ndi lake. Mukachedwa chifukwa cha manyazi, makomowa adzatsekeka muli chikhalire.

Mwana akalowa koleji, ntchito siinathe. Lamulo la FERPA la mu 1974 limateteza mbiri ya wophunzira, koma limalola sukulu kuulula zinthu zina monga dzina ndi adiresi ngati mwiniwake sanakane. Sabata yoyamba apite ku ofesi yosunga kaundula wa ophunzira akalembe kuti zake zisaululidwe. Ndi fomu yaifupi, ndipo salipira.

Kale apolisi a ICE, amene amasaka alendo opanda mapepala, ankalangizidwa kupewa sukulu, matchalitchi ndi zipatala. Langizo limenelo linachotsedwa mu Januwale 2025. Choncho muphunzitseni mwana zochita akamva kugogoda pachitseko cha chipinda chake chogona. Asatsegule. Afunse ali m'kati kuti, "Muli ndi chikalata chosainidwa ndi woweruza?" Achilowetse pansi pa chitseko. Ayang'ane pamwamba ngati pali dzina la khoti, ayang'ane pansi ngati wasaina ndi woweruza, aone ngati dzina ndi adiresi ndi zake. Pepala losainidwa ndi wapolisi wa ICE yekha siliwapatsa mphamvu yolowa popanda chilolezo chake. Ali ndi ufulu wokhala chete. Asathawe, asaname, asasaine chilichonse loya asanachione. Nambala ya loyayo ailoweze pamtima, chifukwa foni amalanda.

Khalani naye pansi usiku uno, mumuuze zoona za mapepala ake ngati simunamuuze. Sonkhanitsani pasipoti yake, ngakhale yotha ntchito, kalata yake yobadwira, ndi malipoti a sukulu a chaka chilichonse, chifukwa ndiwo umboni wa zaka zimene wakhala m'chigawocho. Mawa apite kwa mlangizi wa pasukulu pake akafunse kuti ndi koleji iti ili ndi ofesi ya ophunzira opanda mapepala, ndipo mafomu ake amatseka liti. Inu a ku California, tsiku lotsekera limakhala pa 2 Malichi pokhapokha atalengeza kuti alisuntha. Musadikire kuti alisunthe.