Tisanatumize Ndalama za Mankhwala a Tomato, Tiyambe Tafunsa

Abale ndi alongo, ambiri mwa ife tili ndi achibale amene amadalira tomato wam'dimba, kaya ku Ntcheu, ku Dedza kapena ku Thyolo. Mbewuyo ikayamba kufota, lamya imalira kuno, ndipo pempho limakhala limodzi: ndalama zogulira mankhwala opopera. Ife tikuti ndalama zimenezi zingagwire ntchito yoposa pamenepo ngati tidziwa kumene matendawa amachokera.

Kufota koopsa kwa tomato kumayambira m'nthaka. Fangasi wotchedwa Fusarium amalowera kumizu ndi kutseka njira zimene madzi amakwerera m'tsinde. Masamba am'munsi amayamba chikasu, nthawi zambiri mbali imodzi, kenaka chomera chonse chimafota ngakhale mlimi athirire m'mawa ndi madzulo. Mankhwala monga Dithane amangokhala pamwamba pa tsamba. Safika m'kati mwa tsinde kapena pansi pamene mdaniyo wabisala. Ndiponso Fusarium amatha kukhala m'nthaka zaka zambiri akudikira tomato wina.

Koma si fangasi aliyense amene ndi mdani. M'chaka cha 1932, katswiri wina dzina lake Weindling adaonetsa kuti fangasi wotchedwa Trichoderma amagwira ndi kupha mafangasi anzake oyambitsa matenda. Amakuta mizu, amalanda malo ndi chakudya, ndipo amasungunula khungu la mdaniyo. Lero amagulitsidwa m'mapaketi m'maiko ambiri. Ku Kenya, kampani ya Real IPM imapanga mtundu wa Trichoderma asperellum. Ife amene timasamalira odwala tikudziwa kuti mankhwala amphamvu akapha tizilombo tabwino ta m'mimba, toipa timapeza mpata. Nthaka nayonso ili chimodzimodzi.

Komabe tisauze abale athu kuti tawapezera chozizwitsa. Trichoderma ndi woteteza, sadzutsa tomato amene wafota kale. Ayenera kuthiridwa pa nazale kapena pamizu ya mbande powokera, m'nthaka ya chinyezi ndi ya manyowa owola bwino. Popeza ndi chamoyo, paketi ikakhala padzuwa kapena ikapitirira tsiku lake imasanduka ufa wachabe. Komanso kufota kwina kumadza ndi bakiteriya. Mlimi adule tsinde aliviike m'tambula ya madzi oyera. Akaona zoyera ngati mkaka zikutsika, adziwe kuti ndi bakiteriya, ndipo pamenepo asadalire Trichoderma. Azule zomerazo, azitenthe, ndipo pamalopo abzalepo chimanga kwa zaka zingapo, osati mbatatesi kapena mabiringanya, zomwe ndi za banja limodzi ndi tomato.

Tsono udindo wathu ndi wotani? Safunsa adadya phula. Pempho likafika, tiyambe tafunsa ngati mlangizi wa zaulimi waona dimbalo. Tisanyamule mapaketi a fangasiyu m'masutikesi popita kumudzi, chifukwa zoterezi zili ndi malamulo ake. Bungwe la Pesticides Control Board ndilo limavomereza mankhwala a mbewu m'Malawi, ndipo abale athu agule zovomerezeka zokha. Ayambe ayesa pamizere ingapo, ayerekeze ndi mizere ina, aone okha kusiyana kwake.

Tikupempha akuluakulu a bungwe lathu kuti nkhaniyi ikambidwe pa msonkhano ukubwerawu. Ndalama zimene timatumiza timazipeza movutikira, ena kuchezera usiku wonse pantchito. Zikafika kumudzi zikateteze mizu, pakuti dimba likafa, sukulu ya ana ndi ndiwo za pakhomo zimafera pomwepo.