Ekizozi yaphokoso imakoma pogula, imawawa tsiku la MOT

 Masiku ano ambiri a geni ya magalimoto kuno ku UK tayamba kuthamangira timagalimoto takale taliwiro, monga Mazda MX-5, Nissan 350Z, BMW Z4 ndi Civic Type R, chifukwa ku okushoni timapezeka motchipa ndipo achinyamata amatikonda. Geni yake ndi yabwino, sindikukana. Koma maganizo anga ndi awa: galimoto yomwe anaichotsa catalytic converter, ija timangoti cat, musaigule ngati mulibe ndalama yobwezeretsa ina. Ndipo inu eni musachotse cat pofuna kukometsa galimoto yogulitsa.

Ine ndinaphunzira ndi thumba langa. Ndinagula 350Z ya 2004, yooneka bwino, ikalira mtima umachita kugunda. Ndinali nditaiikira kale mtengo m'mutu. Sindinagwade n'kusuzumira pansi. Tsiku la MOT, woyeza anangoikweza m'mwamba n'kundikodola. Pamalo pa ma cat awiri panali mapaipi wamba, owala bwino. Nkhani inathera pomwepo. Kugula ma cat awiri, kulipira makaniko ndi kubwerera ku galaja zinadya phindu lonse, mpaka ndinaonjezera ya m'thumba. Kasitomala amene ankadikira anatopa n'kukagula kwina.

Tiyeni timvetsetsane kuti chimayezedwa n'chiyani. Kuno galimoto ikakwanitsa zaka 3 imayenera kuchita MOT chaka chilichonse, ndipo galaja siloledwa kulipiritsa kuposa £54.85 pa galimoto yaing'ono. Pa galimoto ya petulo, woyeza amalowetsa kachipangizo kumapeto kwa ekizozi n'kuponda mafuta mpaka injini ifike pakati pa 2,500 ndi 3,000 rpm. Pa muyezo woyamba, CO isapitirire 0.2%, HC isapitirire 200 ppm, ndipo lambda ikhale pakati pa 0.97 ndi 1.03. Injini ikamalira payokha osaponda, CO isapitirire 0.3%. Ntchito ya cat ndi imeneyo: mkati mwake muli platinum, palladium ndi rhodium, zomwe zimasintha mpweya wapoizoni usanatuluke. N'chifukwa chakenso akuba amaidula usiku. Mukaichotsa, manambala aja amakwera. Ngakhale atapanda kukwera, woyeza akaona kuti cat yomwe inabwera ndi galimoto palibe, imeneyo yalephera basi.

Sikuti ekizozi iliyonse yosinthidwa ndi yoipa ayi. Pali ija amati cat-back, yomwe imayambira kumbuyo kwa cat kukafika ku sayilensa. Imeneyo siikhudza utsi, imangosintha kaliridwe, ndipo ya stainless imakhalitsa kuposa yoyamba yomwe dzimbiri linaidya kale. Koma samalani zinthu ziwiri. Choyamba ndi phokoso. Woyeza ali ndi mphamvu yolepheretsa galimoto ngati ikusokosa kwambiri kuposa inzake ya mtundu womwewo yokhala ndi sayilensa wamba. Chachiwiri ndi polumikizira. Ngati anamanga mwachangu ndipo pakutuluka mpweya, makina amawerenga lambda yokwera, galimoto n'kulephera injini ili bwinobwino. Kagasiketi kotchipa kakhoza kukubwezani kunyumba.

Palinso ija amati sports cat, ya timabowo tochepa. Ina imapasa ikatentha bwino, ina imalephera, makamaka zotchipa za pa intaneti zopanda mapepala. Musamve za wogulitsa kuti "imapasa iyi, bwana". Muuzeni akuonetseni satifiketi ya MOT yomwe inapezeka ekizozi imeneyo ili pomwepo.

Ndikudziwa zomwe ena mukunena pamenepa. "Aaa mkulu, si timangobwezeretsa cat tsiku la MOT, mawa lake n'kuchotsanso?" Ena amapita kwa anyamata a kompyuta kuti azimitse nyali ya injini ija isamayake. Ena amati ali ndi galaja lawo lomwe limatseka diso. Abale, kumeneko n'kusamutsira vuto kwa munthu amene wakukhulupirirani. Chaka chamawa akapita yekha ku MOT, galimoto ikalephera, dzina limene adzatchule ndi lanu. Makasitomala athu ambiri ndi anthu akwathu omwe, timakumana nawo ku tchalitchi, ku maliro ndi pa WhatsApp. Mbiri yoipa imafika ku Leicester, ku Manchester mpaka ku Lilongwe tsiku limodzi. Komanso ekizozi yosinthidwa imafunika kuuza a inshuwalansi. Munthu akapanda kudziwa n'kuchita ngozi, akhoza kukanidwa chipukuta misozi. Kodi mudzamuyang'ana bwanji kumaso?

Ena mukuti, "Yanga ikupita kumudzi, MOT ndi ya chiyani?" Funso labwino, chifukwa enafe timatumizadi magalimoto kudzera ku Durban, Walvis Bay kapena Dar es Salaam. Koma ganizani. Galimoto yopanda MOT simungaiyendetse pamsewu kupita kudoko. Lamulo limangolola kupita nayo ku galaja komwe mwabukitsa kale, apo ayi chindapusa chake chimafika £1,000. Ndiye mulipira thiraki yoinyamula. Kenako wogula wa kumudzi akasintha maganizo, zomwe tonse tikudziwa kuti zimachitika kwacha ikagwa, mutsala ndi galimoto yomwe kuno simungaigulitse pamtengo wabwino. Ndipo tinene zoona: utsi womwe azungu aukana m'misewu yawo, ife tikautumize kwa amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ku Lizulu? Ana athu ali komweko.

Ndiye ndimachita chiyani masiku ano? Ndisanapereke ndalama ndimalowa pa GOV.UK n'kulemba nambala ya galimoto. Mbiri yonse ya MOT imatuluka, ulere. Ndikaona kuti inalepherapo pa utsi kenako n'kupasa tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndimafunsa kuti anakonza chiyani. Ndimagwada ndi tochi kuona ngati cat ilipo ndiponso ngati siinang'ambidwe n'kuwotchereredwanso, chifukwa ena amakolowola zamkati n'kusiya chigoba. Ndimatembenuza kiyi kuona ngati nyali ya injini ikuyaka kaye kenako n'kuzima. Ikapanda kuyaka n'komwe, wina anaisewera. Ndimafunsanso ngati ekizozi yoyamba ikadalipo, chifukwa eni ake ena amaisunga kuseri kwa nyumba. Ikapezeka, ndimaitenga pamodzi ndi galimoto. Ikapanda kupezeka, ndimachotsa mtengo wa cat yovomerezeka pa ndalama yomwe ndikupereka, ndipo akakana ndimachokapo. Tsiku la MOT ndimayamba ndaiyendetsa pa motorway kuti cat itenthe, chifukwa yozizira siigwira bwino ntchito. Kumeneko si kuba, ndi kudziwa galimoto.

Chinanso chimene ndaona n'chakuti pa magalimoto akalewa, ogula enieni okhala ndi ndalama amafuna yomwe sinaseweredwe. Phokoso limakopa wofunsa mtengo n'kusowa. Amene amalipira amafuna mapepala oyera.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndinatayapo phindu la galimoto yonse chifukwa chosagwada kamodzi kokha. Inu gwadani. Amene mwakumanapo ndi zotere, makamaka anzathu a ku Joni pa roadworthy yanu, tiuzeni mmene zimakhalira kumeneko.