Kukweza galimoto si kukonza msewu

Alimi anzathu, mvula ikangoyamba ogula mbewu amatiimbira nyimbo imodzimodzi: msewu wathu ndi woipa, choncho aika matayala akuluakulu ndi kukweza masipuling'i a galimoto zawo. Ife tikuti ayi, amenewa si mankhwala a matenda athu.

Funsani makaniko aliyense. Kuchotsa tayala la mainchesi 31 n'kuika la 33 kumakweza difu ndi inchi imodzi yokha. Masipuling'i amakweza bodi, koma difu ya kumbuyo imatsala pomwepo. Galimoto yotere imamwa dizilo wambiri, mabuleki amachedwa kuiimitsa, ndipo ikasenza matumba a chimanga sichedwa kugubuduzika pakona. Ndalama zonsezi amadzazibweza pa ife, potidula mtengo wa thumba lililonse.

Choipitsitsa, matayala amenewa amakumba matope. Ikadutsa galimoto yotere, ngolo ndi njinga zathu zimatitimira m'maenje amene yasiya. Mapeto ake kumudzi kumafika venda mmodzi yekha, ndipo mtengo wa soya ndi mtedza amatchula ndi iyeyo.

Pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo pali msonkho wokonzera misewu, womwe lamulo limati upite ku Roads Fund Administration. Ifenso timaulipira, kuchigayo cha dizilo ndi pa matola. Nanga msewu wathu uli kuti?

Tsono kalabu iliyonse ilembe mayina a misewu ndi milatho yoonongeka, ipereke ku ADC ndi kukhonsolo mvula isanagwe. Tikufuna giredala ndi makalavati, kuti lole wamba izifika pakhomo pa mlimi.