ZA PAMSEU: Chopondera chikakhudza pansi, imfa yagogoda

Sabata ino tikambirane za khalidwe lina limene lafala pakati pa anyamata oyendetsa njinga zamoto. Akafika pokhota, mmalo mochepetsa liwiro amaigoneka njinga mpaka chitsulo chopondapo phazi chikwekwereza pansi, fumbi koboo! Anzao poimika njinga amaomba m'manja nati uyu ndiye katswiri. Ife tikuti ameneyo ndi munthu amene watsala pang'ono kulowa m'manda, ndipo sakudziwa.

Njinga yamoto siingakhote osapendekeka, zimenezo n'zoona. Koma kupendekeka kuli ndi malire ake, ndipo chopondera ndiye mlonda wa malirewo. Chikangokhudza pansi, ndiye kuti mpata wonse watha. Njinga zambiri zimene timagwiritsa ntchito kuno zili ndi chopondera chomangidwa chikhalire kunsi kwa injini, chosapindika. Chitsulo chotere chikagunda mwala kapena mtumbira wa dothi, chimachita ngati mmene mtengo umatukulira mwala pansi: chimanyamula njinga, tayala lakumbuyo limasiya kugwira nthaka, ndipo munthu amapezeka ali chagada asanaganize n'komwe zoponda buleki. Ngakhale chopondera chopindika sichipulumutsa, pakuti pambuyo pake pali sitandi, ekizozi ndi chitsulo cha buleki, zonse zouma gwa.

Tsono nkhani yagona pa liwiro. Mukawirikiza liwiro kawiri, mphamvu yokukankhirani kunja kwa kona imawirikiza kanayi, osati kawiri. Taonani chitsanzo. Pa kona yakuthwa, yozungulira ngati bwalo lotalika mamita 20 kuchoka pakati kufika m'mbali, woyenda makilomita 30 pa ola amapendekeka madigiri 20 okha. Woyenda makilomita 45 pa kona yomweyo ayenera kupendekeka madigiri pafupifupi 39. Wangoonjeza makilomita 15, koma kupendekeka kwatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Pa mseu wa miyala yoyoyoka, matayala amaterereka munthu asanafike n'komwe pamenepo. Kumbukirani kuti malo amene tayala limagwira pansi ndi osaposa chikhatho cha dzanja lanu. Moyo wanu wonse watsamira pamenepo.

Ena amati, "Nanga azungu a mpikisano aja timaona pa foni bwanji?" Inde, pa mpikisano wa MotoGP anthu ngati Marc Márquez amapendekeka kupitirira madigiri 60 mpaka chigongono kukhudza pansi. Koma iwo amathamanga pa phula losalala, losesedwa, ndi matayala opangidwira zimenezo, atavala zovala zachikopa, ambulansi ili chire pambali. Sakumana ndi mbuzi, ngolo ya ng'ombe kapena mwana wochokera kusukulu. Ngakhale zili choncho amagwabe ndi kuthyoka mafupa. Miseu yambiri ya m'boma lathu la Marávia ndi yafumbi. M'chilimwe mchenga umaunjikana pokhota penipeni, ndipo m'dzinja madzi amakumba ngalande zimene chopondera chimakodwamo.

Chinanso ndi katundu. Njinga ikasenza matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50, kapena mabelo a fodya, kapena nsomba zochokera kunyanja ya Cahora Bassa, masipuling'i akumbuyo amafwamphuka ndipo njinga yonse imatsika. Kona imene munadutsa bwinobwino m'mawa muli nokha, madzulo mutasenza idzakugwetsani pa liwiro lomwelo. Chimodzimodzi mukakweza anthu awiri kumbuyo. Masipuling'i ambiri ali ndi kamkombero ka mano kamene mungapotokole kuti alimbe. Funsani makaniko akuonetseni. Mashoko otha mafuta ndi matayala ophwa zimatsitsanso njinga.

Nanga kona tiidutse bwanji? Ntchito yonse ya mabuleki ithe musanalowe m'kona, njinga ili chiimire. Tsitsani giya. Maso aponyeni kumene mukufuna kutulukira, osati pa mwala umene mukuuopa, chifukwa njinga imatsata maso. M'kati mwa kona moto ukhale umodzimodzi, ndipo muonjezere pang'onopang'ono mukaona kuti mseu waongoka. Pa fumbi musagone pamodzi ndi njinga: thupi likhale loongoka, ndipo mupondetse phazi lakunja kwa kona kuti matayala agwire. Zala za kuphazi zikhale pamwamba pa chopondera, zisalendewere pansi. Ambiri amayendetsa atavala patapata, ndipo phazi likapanikizika pakati pa chitsulo ndi nthaka zala zimatsala pomwepo. Musananyamuke onetsetsani kuti sitandi yam'mbali mwaipinda, pakuti yoiwalika imagwetsa pa kona yoyamba ya kumanzere.

Zikachitika kuti chopondera chakhudza pansi, musadzidzimuke n'kufinya buleki yakutsogolo, kapena kutseka moto mwadzidzidzi. Gwirani bwino, maso kutsogolo, tulukani m'kona mofatsa. Kenaka muvomereze mumtima kuti munalowa mothamanga.

Kuno ku Mozambique, monganso ku Zambia ndi ku Malawi, timayenda kumanzere kwa mseu. Pa kona yopita kumanja, matayala akhoza kukhala kumbali yanu koma mutu wanu uli kale kumbali ya lole yochokera kutsogolo. Pa mseu wochoka ku Bene kudzera ku Fingoé kupita ku Zumbo, pamene phiri kapena tchire zabisa kutsogolo, khalani kumbali kwanu ndipo lizani hutala.

Nanu okwera, moyo ndi wanu. Musapendekekere kosiyana ndi woyendetsa, musatsitse mwendo pa kona. Mayi, mukaona kuti mnyamatayo akuchita masewera, muuzeni aime mutsike. Mbewa ya manyazi idafera kudzenje. Lamulo la pamseu la dziko lino la chaka cha 2011 limafuna kuti woyendetsa ndi wokwera yemwe avale chisoti, ndipo chisoti chosamanga lamba chimathawa mutu usanafike pansi.

Tisaiwale kumene tikukhala. Munthu wothyoka ntchafu kapena wovulala m'mutu kuno amafunika ulendo wa maola ambiri kukafika kuchipatala chachikulu cha ku Tete, kapena kuoloka malire kupita ku St Francis ku Katete. Si onse amafika amoyo. Wotsala amagulitsa mbuzi, njinga ija yangongole ili pa khonde yopindika, munda uli wosalima.

Inu atsogoleri a malo oimika njinga, mafumu ndi makolo, lekani kuchemerera chibwana chimenechi. Katswiri weniweni timamuzindikira poona chopondera chake: zaka zisanu ali pamseu, mphira wake ukadali wosaperepeseka kunsi. Kuthamanga sikufika. Tionane sabata yamawa.