Galimoto siliwiro lokha

Mkangano wa galimoto zothamanga ukabuka kometera kapena potuluka ku vidiyo, anyamata amathamangira funso limodzi: imafika pati? Wotchula nambala yaikulu ndiye wapambana. Koma akatswiri amene ntchito yawo ndi kuyesa galimoto zimenezi sayambira pamenepo. Iwo amafuna kudziwa momwe galimoto imamvera chiwongolero, momwe imakhotera pakona, komanso ngati imamuchenjeza dalaivala isanayambe kuterereka. Akatswiriwa ndiwo akulondola, ndipo galimoto zitatu zotchuka zikuchitira umboni.

Yoyamba ndi McLaren F1 ya ku Britain, yomwe idaonekera mu 1992. Adaikonza ndi Gordon Murray, injiniya wobadwira ku Durban, munthu wodana ndi chitsulo chilichonse chosafunikira. Galimotoyi imalemera makilogalamu pafupifupi 1,140, osasiyana kwenikweni ndi Toyota Corolla, koma injini yake ya BMW ya masilinda 12 ili ndi mphamvu yoposa ya mahatchi 600. Dalaivala amakhala pakati penipeni, okwera awiri chakumbuyo kwake, wina kumanja wina kumanzere.

Murray sadaikemo makina ofewetsa chiwongolero kapena othandiza mabuleki. Poimika, galimotoyi imafuna mphamvu za m'manja. Ikatenga liwiro, chilichonse chomwe matayala akumana nacho, kaya ndi kabampu kaya mchenga wamwazika pamsewu, chimafika m'zikhatho za woyendetsa. Dalaivala amadziwa msanga kuti tayala latsala pang'ono kutaya msewu. Kumva kumeneku ndi kumene okonda galimoto amakutamanda mpaka lero, kuposa liwiro la makilomita 386 pa ola lomwe idafika ku Germany mu 1998.

Bugatti Veyron ya mu 2005 idabwera ndi nzeru ina. Ili ndi masilinda 16, mphamvu ya mahatchi 1,001, ndipo idafika makilomita 407 pa ola. Imalemera pafupifupi makilogalamu 1,900, matayala onse anayi amakoka, magiya amatha kusintha okha, ndipo makompyuta amakonza zolakwitsa za dalaivala iye asanazindikire n'komwe. Oiyesa adadabwa kuti m'tauni imayenda mofatsa ngati galimoto wamba. Pamsewu woongoka McLaren singaigwire, koma m'makona okhotakhota kulemera kuja kumamveka, ndipo dalaivala samva zambiri zochokera pansi. Liwiro lenilenilo limafuna kiyi wachiwiri, ndipo thanki ya malita 100 imauma pamphindi pafupifupi 12.

Pa kukoma koyendetsa, McLaren ndiyo ili patsogolo. Vuto n'lakuti galimoto youza dalaivala zonse imamusiyiranso ntchito yonse. Rowan Atkinson, amene ana amamudziwa kuti Mr Bean, ndi munthu wozolowera mipikisano ya galimoto, komabe McLaren F1 yake idamuchititsa ngozi kawiri, mu 1999 ndi mu 2011. Ulendo wachiwiriwo adaomba mtengo n'kuvulala phewa, ndipo kukonza galimotoyo kudadya mapaundi 910,000. Veyron nayo ili ndi msampha wake. Galimoto yosagwedera ndi yosasokosera imabisa liwiro, munthu n'kumaganiza kuti akuyenda bwinobwino pomwe malo oti aimire adawapitirira kale. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi, ndipo palibe kompyuta yomwe idasinthapo zimenezo.

Yachitatu ndi Porsche Carrera GT, yomwe inkapangidwa ku Germany mpaka 2006. Injini yake ya masilinda 10 idachokera ku galimoto ya mpikisano, magiya ndi osintha ndi dzanja, ndipo ilibe kompyuta yoiwongola ikayamba kutembenukira chammbali. Ili pakati pa zinzake ziwiri zija: yopepuka, yomvera msanga, koma yosakhululuka. Dalaivala akaponda mafuta mopitiriza ali pakona, kumbuyo kumafuna kutsogola.

M'galimoto yamtundu umenewu ndi momwe mudafera Paul Walker, katswiri wa mafilimu a Fast & Furious, pa 30 November 2013 ku Santa Clarita m'chigawo cha California. Iye adali wokwera chabe. Ankayendetsa ndi mnzake Roger Rodas, dalaivala wa mipikisano, yemwenso adafera pomwepo. Ofufuza adapeza kuti galimotoyo inkathamanga pakati pa makilomita 130 ndi 150 pa ola pamsewu wololeza makilomita 72. Adapezanso kuti ena mwa matayala ake adali atatha zaka zisanu ndi zinayi.

Nambala zimenezi n'zofunika kuzilingalira. Carrera GT imatha kupitirira makilomita 300 pa ola, koma idapha anthu isanafike ndi theka lomwe, paliwiro limene Corolla yochokera ku Japan imafika popanda vuto pamsewu wa M1. Luso lidalipo, galimoto idali yamtengo wapatali. Chomwe chidachepa ndi kugwirana kwa tayala ndi msewu. Galimoto iliyonse, ya mabiliyoni kapena minibasi yonyamula amayi a geni, imakhudza pansi pamalo anayi okha, ndipo malo alionse kukula kwake n'kosaposa kwenikweni chikhatho cha munthu wamkulu. Kumvera chiwongolero konse kumene akatswiri amayerekeza kumathera pamenepo.

Apa ndi pamene nkhani ya ku California ikufika pakhomo. Matayala ogwiritsidwa kale ntchito ali mbwee m'misika, ndipo wogula amangopisa chala m'mizere kuti aone ngati ili yakuya. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mphira umauma ndi zaka ngakhale tayala litangokhala m'nyumba osayenda, ndipo mphira wouma sugwira msewu, makamaka mvula ikagwa. Makampani angapo opanga galimoto amalangiza kusintha matayala pakatha zaka zisanu ndi chimodzi, pomwe Michelin imati tayala lisapitirire zaka 10 chipangidwire.

Eni maminibasi, a matakisi ndi bambo aliyense wonyamula banja lake popita kumudzi ayenera kufunsa zaka za tayala asanafunse mtengo, ndipo wogulitsa wachilungamo asakwiye nalo funsolo. Yankho lili m'mbali mwa tayala momwemo, pa manambala anayi otsiriza pamzere woyamba ndi zilembo DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri enawo ndi chaka. Tayala lolembedwa 2314 lidapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2014, ndipo zaka 10 zija lidadutsa kale ngakhale alipake polishi.