MUKATSEKA DAMBO, MUTITSEGULIRE CHIYANI?

M'chaka cha 2018 boma la Thailand lidatseka gombe la Maya Bay chifukwa mabwato a alendo anali atawononga matanthwe amoyo a pansi pa nyanja, omwe nsomba zimaswerana ndi kubisalamo. Gombelo lidatsegulidwanso mu Januwale 2022. Pa zaka zonsezo alendo aja okonda kumira pansi pa madzi atabereka mabotolo a mpweya anali ndi funso limodzi: tikamire kuti tsopano? Mayankho sadachedwe, pakuti zisumbu zina zinalipo, ndipo wokhala ndi ndalama sasowa kolowera.

Ine ndine mwana wa ku Makhanga, kwa Mfumu Mlolo m'boma la Nsanje, pafupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire. Kwathu kulibe womira m'madzi pofuna kusangalala. Ng'ona sizilola masewera otere. Koma funso la alendo lija ndi lathunso, kungoti mlendo akamafunsa kokasewera, msodzi wa kwathu amafunsa chomwe ana ake adye madzulo ano.

Ndisanamizidwe kuti ndikudana ndi kuteteza zachilengedwe. Dambo lathu lalikulu, lomwe David Livingstone adalitcha Elephant Marsh atapezamo njovu zambirimbiri mu 1859, lero lilibe njovu ngakhale imodzi. Dzina lokha ndilo lidatsala. Amene akuyesa kuti mlamba, mphende ndi dowe sizingathe monga zidathera njovu akudzinamiza yekha. Masikito olandira kuchipatala asanduka makoka, ndipo amakokolola ndi tiana tomwe ta nsomba. Nsomba ziyenera kupatsidwa nthawi yoswana. Apa palibe mtsutso.

Mtsutso wanga uli ndi anthu ophunzira amene amayesa kuti akalemba lamulo ndiye kuti ntchito yatha. Mu 2017 dambo lathu lidalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse, kutsatira nyanja ya Chilwa yomwe idalowa mu 1996. Ulemu ndithu! Koma ulemu sautsira m'poto. Nthawi zonse mawu oti "titseke" akamveka pamsonkhano, amatuluka m'kamwa mwa munthu amene malipiro ake satsekedwa nawo.

Taonani ku Cape Maclear. Chikhazikitsidwire paki ya nyanja ya Malawi mu 1980, kuwedza n'koletsedwa mpaka mamita 100 kuchoka pagombe la pakiyo. Mbuna zidapulumuka, ndipo alendo amachokera kutali kudzamira kuti azione. Ena mwa ana a asodzi a ku Chembe adapeza ntchito yoperekeza alendowo pa mabwato. Kumeneko khomo lina lidatsekedwa, lina n'kutseguka pang'ono. Nanga ku Makhanga, komwe sitima ya pamtunda idaleka kufika, komwe madzi osefukira a 2015 ndi namondwe Freddy wa 2023 adakwirira minda ndi mchenga, ndi mlendo uti adzabwere kudzalemba ntchito mwana wa msodzi?

Ena amati msodzi akalime. Alime pati, poti munda wake uli pansi pa mchenga? Ena amati achite geni. Mpamba wake autenge kuti, poti mpambawo ndi nsomba zomwe mwamuletsazo? Munthu amene mkazi wake amalowa m'madzi a ng'ona kukazula nyika chaka cha njala simungamuopseze ndi chindapusa. Adzapalasa bwato usiku, ndipo mudzamutcha wakuba pa dambo lomwe agogo ake adaikapo mono.

Chonsecho chitsanzo chabwino tili nacho m'dziko momwe muno. Pa chisumbu cha Mbenji ku Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950. Lamulolo limagwira ntchito chifukwa eni ake ndi anthu omwewo, ndipo nyengo yotseka ndi yomwe asodzi amakhala ali kumunda. Adayamba aganizira komwe munthu apite, kenaka n'kutseka.

Choncho ndikuti kwa inu akuluakulu a zamalamulo ndi a mabungwe: musabwere ndi loko yekha. Tsiku lotseka likhazikitsidwe ndi mafumu pamodzi ndi makomiti a asodzi, monga lamulo la usodzi la 1997 limalolera. Miyezi yotsekayo ikhale yomweyo yolemba asodzi ntchito yolipidwa, yokonza migula, kuchotsa namasupuni ndi kulondera malo oswerana nsomba. Ngati dziko lonse lapansi likuti dambo ili n'lofunika, lisasiyire mtolo wolisunga munthu wosauka koposa onse.

Akulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mukatseka dambo osayankha njala ya msodzi, njalayo idzalitsegula yokha, ndipo tidzataya nsomba ndi lamulo lomwe.