Mlonda Akamaba M'nkhokwe

Amayi ndi abambo, asakunamizeni kuti nkhani za boma n'za ophunzira okha. Mlandu uwu ngwakale, ndipo inunso mungauweruze.

Ku England kunabuka nkhondo yapachiweniweni mu 1642, mpaka mfumu yawo, Charles I, inadulidwa mutu mu 1649. Poopa magazi otere, Thomas Hobbes analemba buku lotchedwa Leviathan mu 1651. Iye anati anthu akasowa womuopa amaphana okhaokha, choncho apereke mphamvu zonse kwa wolamulira, makamaka mfumu, ndipo asadzamulandenso. Manthawa tisawaseke ayi, nkhondo si masewera.

Koma John Locke, m'buku lake la 1689, anaona vuto: nanga wolamulirayo akakutembenukirani, mudandaula kwa yani? Kwa Locke, boma limakhalapo chifukwa anthu avomereza, kuti liteteze moyo wawo, ufulu wawo ndi katundu wawo. Tinene kuti ndi mlonda. Mlonda akamaba chimanga m'nkhokwe, eni nkhokwe amamuchotsa n'kulemba wina. Locke sanali mngelo, poti anaika ndalama zake m'kampani yogulitsa akapolo a ku Africa, komabe apa pokha analasa.

Kodi simukumbukira mu 1993 ena akulalikira kuti matipate ndi nkhondo? Anali maganizo a Hobbes omwe aja! Pa 14 June anthu ambiri anasankha nyali, kusiya tambala. Mu May 1994 Dr Banda anagonja pachisankho, ndipo anavomera, natula udindo.